Mtundu wako, umuna kapena ukazi wako: amanena ndani?

Mkangano uwu umabuka pa bawo kuseri kwa msika wa Nkhotakota, m'minibasi ya ku Dwangwa, ngakhalenso m'magulu a WhatsApp. Wina amati: "Ngati mwana wa Mchewa angadzitche Mngoni popanda womugwira pakamwa, walakwanji wobadwa mwamuna akanena kuti iye ndi mkazi?" Mnzake amautembenuza: "Ngati ukazi sachita kusankha, mtundunso asamasankhe." Onse awiri amathamangira kugamula asanaone kuti akufunsayo ndani, ndipo yankholo akalitenga akachita nalo chiyani. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuno kunyanja.

Kodi boma limadziwa bwanji mtundu wanga?

Limangokufunsani basi. Pa kalembera wa 2018, amene inayendetsa National Statistical Office ya ku Zomba, wowerenga anthu ankafika pakhomo ndi tabuleti n'kufunsa wamkulu amene wamupeza. Chimene wayankha ndicho chinkalowa, popanda kalata ya amfumu kapena mboni. Pa anthu 17,563,749 amene anawerengedwa, Achewa anali 34.4 peresenti, Alhomwe 18.9, Ayao 13.3, Angoni 10.4 ndipo Atumbuka 9.2.

Njirayi ili ndi pothonya pawiri. Poyamba, munthu mmodzi amayankhira nyumba yonse: akapezeka bambo, ana onse amapita ku mtundu wa bambo, akapezeka mayi, ana omwewo amagwera kwina. Kachiwiri, aliyense amawerengedwa ku mtundu umodzi, pomwe m'malaini a antchito a nzimbe ku Dwangwa muli ana amene agogo awo anayi ndi a mitundu inayi.

Chiphaso cha unzika chija tinajambulitsa mu 2017 chili ndi dzina, tsiku lobadwa ndi chilembo cha M kapena F, koma mtundu palibe. Tisadandaule nazo. Ku Rwanda ziphaso zinkalembedwa mtundu, ndipo mu 1994 anthu ankaphedwa pa zotchinga za pamsewu atangoonetsa chiphaso.

Nanga pa mwambo, mwana amatenga mtundu wa yani?

Zimatengera makolo awiriwo. Kwa Achewa, Ayao ndi Alhomwe mwana ndi wa kuchikazi. Amawerengedwa mu mbumba ya mayi ake, ndipo mwini mbumba ndi atsibweni, osati bambo womubereka. Kwa Atumbuka, Asena ndi Angoni a ku Mzimba, kumene amapereka malowolo, mwana ndi wa kuchimuna.

Makolo akakhala a mwambo umodzi palibe chovuta. Mutu umapweteka akasiyana. Mayi Mchewa wa kwa Malengachanzi, bambo Mtumbuka wa ku Rumphi: mbali zonse ziwiri zimati mwana ndi wathu, ndipo amalimbirana pa chinkhoswe ndi pa maliro. Mukatembenuza, bambo Mchewa, mayi Mtumbuka, malowolo sanaperekedwe: kwa bambo amati ana ndi a kwa mayi awo, kwa mayi amati ana ndi a kwa bambo awo. Ana otere amakula bwinobwino m'tauni, koma tsiku lofuna munda kapena manda ndi pamene amazindikira kuti ali pakati pa mitsinje iwiri.

Mfunda usakusokonezeni. Masiku ano Achewa ambiri amatenga dzina la Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe kwa bambo, chonsecho munda ndi ufumu zimadzera kwa mayi. Komanso a Banda ndi a Phiri aliko mwa Atonga ndi Atumbuka omwe, kotero dzina palokha si umboni. Onaninso kuti tikaitana munthu kuti Nabanda kapena Naphiri timatchula zinthu ziwiri pakamodzi, mfunda wake ndi ukazi wake. N'chifukwa chake anthu amaona ngati nkhani ziwirizi ndi imodzi.

Ndiye munthu angasinthe mtundu?

Zakhala zikuchitika kuyambira kale, koma osati tsiku limodzi, ndiponso osati payekha. Angoni a Zwangendaba atawoloka Zambezi mu 1835 ankalowetsa m'gulu lawo anthu amene awagwira pa nkhondo, ndipo zidzukulu za anthuwo lero ndi Angoni osakayikitsa. Angoni a ku Ntcheu ndi Dedza amayankhula Chichewa pakhomo, koma ku Umhlangano palibe amawafunsa mayeso a Chingoni. Kuno ku Nkhotakota, Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika m'zaka za m'ma 1840, anthu ake ochokera kugombe la nyanja yamchere anakwatira akazi a konkuno, ndipo ana anakulira mu mbumba za amayi awo. Alhomwe ambiri obwera kuchokera ku Mozambique ankabisa mtundu pothawa dzina lachipongwe limene ankaitanidwa nalo, mpaka zidzukulu zinayamba kudzitchulanso poyera, makamaka Mulhako wa Alhomwe utayamba.

Mukayang'ana m'nkhani zonsezi, kulandiridwa kumayenda motere: munthu amakhala pamudzi zaka zambiri, amayankhula chiyankhulo cha pamalopo, amakwatira kapena kukwatiwa, amasonkha pa maliro ndi kukumba nawo manda, ana ake amavinidwa ndi anzawo. Kawirikawiri iye mwini amafa akutchedwabe "obwera", koma zidzukulu zake zimakhala eni mudzi.

Ku mbali ya lamulo njira ndi yotseguka. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo ndi kutsata chikhalidwe chimene wasankha.

Ndikalowa Chisilamu ndakhala Myao?

Ayi. Nkhotakota ndi umboni: Asilamu ambiri a kuno ndi Achewa. Chipembedzo mumalowa lero, mbumba yanu imakhala yomwe ija.

Anthu akamati gender identity akunena chiyani kwenikweni?

Pali zinthu zinayi zimene timaziphatikiza poyankhula, ndipo mkangano wambiri umachokera pomwepa.

Choyamba ndi thupi: ziwalo, mahomoni ndi makromozomu, amene kwa akazi ambiri amakhala XX ndipo kwa amuna ambiri XY. Ichi ndi chimene namwino amalemba mwana akangobadwa, ataona ndi maso. Chachiwiri ndi ntchito ndi makhalidwe amene mudzi umayembekezera, zimene amabungwe amati jenda: wopalasa bwato ndani, woyanika usipa pa thandala ndani, wokhala pampando ndi wokhala pamphasa ndani. Izi zimasintha ndi malo ndi nthawi. Chachitatu ndicho gender identity, kudzimva kwa munthu mumtima kuti ndine mwamuna kapena ndine mkazi. Kwa anthu ochuluka kwambiri kudzimvaku kumagwirizana ndi thupi, moti saganizako n'komwe. Kwa ochepa sikugwirizana, ndipo awa ndi amene amatchedwa transgender. Chachinayi ndi amene munthu amakopeka naye, ndipo imeneyo ndi nkhani ina payokha.

Bungwe la World Health Organization, m'ndandanda wake wa matenda wa ICD-11 umene unavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022, linachotsa nkhani ya kusagwirizanaku m'gulu la matenda a maganizo.

Kuyerekeza ziwirizi kunayambira kuti?

Kunaphulika ku America mu June 2015. Rachel Dolezal, amene ankadzitcha munthu wakuda, anali mtsogoleri wa nthambi ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, mumzinda wa Spokane. Makolo ake, azungu onse awiri, anaulula poyera kuti mwana wawo si wakuda, ndipo iye anatula udindo pansi. Mwezi womwewo dziko linali likukamba za Caitlyn Jenner, katswiri wakale wa masewero a Olympic amene anadziwika ngati mwamuna kwa zaka zambiri n'kudzalengeza kuti ndi mkazi. Anthu anafunsa kuti bwanji wina akuomberedwa m'manja pomwe wina akutukwanidwa. Mu 2017 Rebecca Tuvel analemba m'magazini ya maphunziro ya Hypatia kuti zifukwa zovomerezera mmodzi zikukhudzanso winayo, ndipo anzake ambiri anamuukira.

Dziwani kuti nkhani ya ku America ndi ya khungu ndi mbiri ya ukapolo. Siifanana kwenikweni ndi ya Mchewa ndi Mtonga, amene simungawasiyanitse ndi maso pa doko la Chia.

Kufanana kwake kuli pati?

Pali malo atatu. Zonse ziwiri mumapatsidwa musanathe kuyankhula. Zonse ziwiri anthu amaziwerenga pa zooneka, monga kavalidwe, mawu, dzina ndi mayendedwe, ndipo amatha kuphonya. Ndipo pa zonse ziwiri, chimene munthu akumva mumtima ndi chimene mudzi ukuvomereza zimatha kusiyana, kusiyanako n'kumupweteka kwambiri.

Nanga kusiyana kwake?

Apa ndi pamene fanizoli limathyoka mwendo. Kunena kuti "ndine wa mtundu wakuti" ndi kunena za anthu ena: amayi anu, agogo anu, manda amene anagonamo. Ndi nkhani yoti ingatsatidwe. Pali anthu amene angaimirire pabwalo n'kunena kuti "agogo ake tinawaika pamsitu paja", kapena "ameneyu sitikumudziwa". Mtundu umayenda m'mibadwo, ndipo mumausiyira ana. Umuna ndi ukazi suyenda choncho. Mayi amabereka ana aamuna ndi aakazi omwe, ndipo palibe banja limene lingati ukazi ndi cholowa chathu. Wonena kuti "ndikudzimva mkazi" sakunamizira kholo lililonse, akunena za iye mwini.

Kusiyana kwina kuli pa kusakanikirana. Munthu angakhale Mchewa kuchikazi ndi Mngoni kuchimuna, zonse zoona, n'kumapita ku Kulamba ku Mkaika komanso ku Umthetho ku Hora. Mtundu umagawika m'magawo. Mudzi wathu sugawa umuna ndi ukazi choncho. Pa maliro amuna amakhala panja pamoto, akazi m'nyumba, ndipo thupi la mkazi amasambitsa akazi anzake. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, nyengo yopha nsomba ikatsegulidwa, msodzi wa mtundu uliwonse amafikako bola atsate malamulo a mfumu, koma akazi saloledwa.

Apa n'chifukwa chake sitigwirizana ndi amene amati nkhani ya kudzimva sikhudza wina aliyense. Imakhudza pogona kusukulu yogonera komweko, m'wodi ya chipatala, m'ndende ndi m'masewero, ndipo ngakhale m'mayiko amene anasintha malamulo akukanganabe pa malo amenewa. Koma sitigwirizananso ndi amene amati ndi bodza lofanana ndi kunama mtundu. Wonama mtundu nthawi zambiri amakhala akufuna munda, mpando kapena malo a sukulu. Wa transgender kuno kwathu amataya zambiri kuposa zimene angapeze, monga achibale, ntchito ndi mtendere woyenda pamsewu.

Koma m'Chichewa muli "atate aakazi". Si umboni kuti makolo ankadziwa zimenezi?

Ndi umboni wa china. Mlongo wa bambo timamutcha atate aakazi, ndipo mawu oti malume amatanthauza mayi wamwamuna. Mayina amenewa amanena za mpando umene munthu wakhalapo pa chibale. Atate aakazi amaimira mbali ya bambo, koma iwo sadzimva mwamuna ndipo palibe amawaona choncho. N'chimodzimodzi mfumu yachikazi imene amuna amaigwadira. Za Maliya wa gule sitilowamo kwambiri, za kudambwe zimathera kudambwe, koma eni mwambo amati chimenecho ndi chilombo, osati munthu amene wasintha chibadwa. Zimene tikuphunzirapo n'zakuti makolo ankasiyanitsa thupi ndi udindo. Kupitirira pamenepo n'kuwaika mawu m'kamwa.

Kodi kuyezetsa DNA kungathetse mkangano wa mtundu?

Sikungathe. Mumatenga theka la DNA kwa mayi, theka kwa bambo. Kwa agogo aliyense mumatenga pafupifupi 25 peresenti, kwa makolo a agogo pafupifupi 12.5, ndipo mukabwerera mibadwo khumi muli ndi malo a makolo 1,024, ena mwa iwo osakusiyirani kachidutswa kalikonse. Pali mizere iwiri yokha imene imayenda yosasakanikirana kwambiri: DNA ya mitochondria, yochokera kwa mayi, kwa mayi awo, mpaka kale, ndi kromozomu ya Y yochokera kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna. Uliwonse umakuuzani za kholo limodzi lokha pa m'badwo uliwonse.

Makampani amene amagulitsa mayeso a malovu amayerekeza DNA yanu ndi ya anthu amene ali kale m'nkhokwe zawo, n'kukupatsani dera lalikulu la Africa, osati mudzi kapena mfunda. Achewa, Ayao, Atonga ndi Atumbuka akhala akukwatirana kwa zaka mazanamazana, ndipo palibe chidindo cha Uchewa m'magazi. Ku America, wandale Elizabeth Warren anaonetsa zotsatira za DNA mu 2018 pofuna kutsimikiza kuti ali ndi kholo la mitundu ya eni dziko. A Cherokee Nation, umodzi mwa mitundu imeneyo, anayankha kuti umembala wawo sayeza ndi DNA koma ndi kaundula wa makolo, ndipo mu 2019 iye anapepesa.

Chimene DNA imachita bwino ndi kutsimikiza ngati uyu ndi bambo womubereka mwana uyu. Pa nkhani ya kudzimva, magazi amaonetsa makromozomu ndi mahomoni, koma palibe muyeso woonetsa chimene munthu akudzimva.

Malamulo a Malawi akuti chiyani pa umuna ndi ukazi?

Apa khomo ndi lotseka, mosiyana ndi la mtundu. Lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo limatanthauzira kuti umuna kapena ukazi ndi umene munthu anabadwa nawo. Palibe ndondomeko yosinthira M kapena F pa chiphaso chifukwa cha kudzimva. Mayiko ena anasankha mwina: South Africa ili ndi lamulo la 2003 lolola kusintha pakakhala malipoti a madokotala, pomwe Argentina kuyambira 2012 imangotenga mawu a mwini wake.

Magawo 153, 156 ndi 137A a lamulo la milandu la Penal Code amaletsa kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu linakana pempho lofuna kuthetsa ena mwa magawowa. Magawowa amakamba za mchitidwe, osati kavalidwe kapena kudzimva, koma popeza lamulo limayang'ana chibadwa, anthu a transgender amatha kuzengedwa nawo milandu. Izi sizipatsa munthu chilolezo chomenya, kuvula kapena kuthamangitsa mnzake pamsika. Kumenya ndi mlandu, kaya womenyedwayo wavala chiyani. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko limateteza ulemu wa munthu aliyense, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho.

Ndikadzitcha mtundu wa bambo anga, nditaya munda wa kwa amayi?

Dzina limene mwadzipatsa silichotsa kapena kupereka munda. Pabwalo la mfumu safunsa kuti "ukudzimva mtundu wanji" koma "unabadwa mwa yani". Chibale ndi fupa, sichiola. Mwana wa mwana wamkazi wa pamudzi wa Achewa ali ndi pake ngakhale atavala nthenga za Ingoma chaka chilichonse. Chimene chimataya minda ndi kusowa: zaka makumi awiri osaoneka pa maliro, osalima, osatuma ngakhale moni, kenaka n'kutulukira atsibweni atamwalira.

Mukafuna kuteteza malo anu, pitani ndi atsibweni kapena mwini mbumba kwa nyakwawa, muyende m'malire pamodzi ndi oyandikana nawo, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe, ndi mayina a mboni. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi gulupu, okhala ndi mamembala ena asanu ndi mmodzi, osachepera atatu akhale akazi. Katundu wa munthu payekha, monga nyumba ya m'tauni, bwato, injini kapena ndalama za kubanki, amatsata lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, posayang'ana mtundu.

Ufumu ndiye wokhwima kwambiri. Kwa Achewa umadzera kuchikazi, kwa mwana wa mlongo wa mfumu kapena m'bale wa bere lomwelo, ndipo amayi aakulu a banja lachifumu ndi amene amaloza munthu. Mwana amene mfumu yachimuna inabereka, kaya amavina bwanji, kaya amadziwa miyambi ingati, mpandowo si wake.

Pa chiphaso changa analemba F pomwe ndine mwamuna. Nditani?

Uku ndi kulakwitsa kwa wolemba, ndipo kumakonzeka. Pitani ku ofesi ya National Registration Bureau kuboma lanu, inuyo mwini, osatuma munthu. Tengani chiphasocho ndi mapepala ena onse amene analembedwa molondola: kalata ya kubadwa, buku la kuchipatala, satifiketi ya sukulu, ndi kalata ya amfumu. Musachedwe nazo, chifukwa nambala ya chiphaso ndi imene imalumikizidwa ku simu kadi, ku banki ndi ku pasipoti, ndipo cholakwika chimodzi chimafalikira konseko. Musayese kufufuta kapena kukanda pa khadi. Mukatero mwaliwononga, ndipo mwadziyambitsira mlandu wina.

Mwana wabadwa, koma ziwalo zake sizikuoneka bwino ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Tichite chiyani?

Izi zimachitika m'mitundu yonse, ndipo si ufiti, si chigololo cha mayi, si tsoka la kubanja. Madokotala amati intersex. Si nkhani ya kudzimva ayi, ndi mmene thupi linaumbikira m'mimba. Ku Kenya kalembera wa 2019 anawerenga anthu otere 1,524.

Chofunika msanga si dzina kapena mtundu wa zovala, koma moyo wa mwanayo. Chimodzi mwa zoyambitsa zake ndi vuto la tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, lotchedwa congenital adrenal hyperplasia, limene limachititsa thupi kutaya mchere. Mwana amaoneka bwino masiku oyamba, kenaka cha m'sabata yachiwiri kapena yachitatu amayamba kusanza, kukana bere, kufooka, liwombo kulowa m'kati, ndi kutsika sikelo. Akachedwa naye amamwalira, chonsecho mankhwala ake alipo. Choncho musatuluke naye m'chipatala dokotala asanamuone. Ngati wabadwira kunyumba, musadikire kuti atuluke m'chikuta. Pitani naye ku chipatala cha boma ku Nkhotakota kapena ku Salima tsiku lomwelo, ndipo pemphani kuti akutumizeni ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kuti akayeze mchere wa m'magazi ndi kuunika m'mimba.

Uzani namwino asathamangire kulemba M kapena F mongoganizira, chifukwa cholembedwa tsiku loyambalo ndi chimene chidzatsatire mwanayo mpaka pa chiphaso akadzakwana zaka 16. Ngati pafunika dzina msanga, Chichewa chili ndi mayina ambiri okwanira mbali zonse: Chikondi, Mphatso, Chisomo, Takondwa, Limbikani. Opaleshoni yongofuna kukonza maonekedwe musaifulumirire ngati mwana akukodza bwino ndipo moyo wake suli pangozi. Funsani dokotala chimene chingachitike mukadikira, ndipo mufunse kawiri. Anthu oti adziwe ndi makolo, ankhoswe ngati mwafuna, ndi achipatala. Azakhali a kuchitsime adikire.